Ndinagula Matikiti Katatu ku Flåm

Pa ulendo wonsewo mayi akunyumba anapempha chinthu chimodzi chokha. Tinkakwanitsa zaka 20 tili pabanja, ana anasonkherana kangachepe n'kuwonjezera pa zomwe tinasunga, ndipo tinalipira cruise ya mlungu umodzi yochokera ku Southampton kupita ku Norway m'mwezi wa June. Mayiwa amagwira ntchito usiku ku nyumba yosamalira okalamba, ndipo tsiku lina pa break anaona pa Facebook kavidiyo ka sitima yobiriwira ikukwera phiri pakati pa mathithi. Kavidiyoko anakasunga mufoni miyezi yambiri. Atamva kuti doko lathu loyamba ndi Flåm, kumene sitimayo imayambira, anandiuza momveka bwino kuti, "Bambo, zina zonse musankhe ndinu, koma ine sitima iyi yokha ndikaikwere."

Ndinavomera, ndipo ndinavomera ndi mtima wonse. Ichi ndikufuna chimveke ndisanayambe kuulula zotsatira.

Kutatsala miyezi inayi, app ya kampani ya sitima yapamadziyo inayamba kutionetsa maulendo apamtunda omwe munthu ungalipiriretu pa doko lililonse, ndipo wa sitima ya ku Flåm unali pamwamba penipeni. Nditaona mtengo wake ndinachita zomwe ambiri a ife okhala kunja timachita ngakhale titakhalako zaka zingati: ndinautembenuza m'makwacha, ndinauchulukitsa kawiri, ndipo mutu unandizungulira. Mayi anati tingolipira zithe. Ine ndinati ayi, sitima ndi sitima. Ndinakulira ku Balaka, nyumba yathu inali pafupi ndi njanji moti makapu ankagwedera pa thebulo sitima ya katundu ikamadutsa, ndipo ya anthu yochokera ku Limbe kupita ku Nayuchi ndinaikwera kosawerengeka, ndipo nthawi zonsezo munthu unkangofika pa siteshoni, kugula tikiti pawindo, n'kukwera pamodzi ndi amayi a madengu a tomato, basi. Ndinawauza kuti booking ndi ya anthu osadziwa sitima, kuti tikafika ndikagula ndekha pawindo pa theka la mtengowo, ndipo ndalama yotsalayo tikadyera nsomba. Ndinayankhula ngati munthu amene anapitako, pamene dzina loti Flåm ndinali nditalimva koyamba mwezi womwewo, ngakhale kulitchula bwino sindinkatha.

Chimene sindinadzivutitse kufufuza n'chakuti Flåm ndi kamudzi ka anthu mazana ochepa chabe, pamene sitima yapamadzi imodzi imatsitsa anthu masauzande m'mawa umodzi, ndipo pafupifupi onsewo amafuna chinthu chomwecho chimene mayi ankafuna. Njanjiyo ndi imodzi, mabogi ndi owerengeka, ndipo m'chilimwe mipando imatha kusanache. Zonsezi zinalembedwa poyera pa intaneti. Ndinangofunika mphindi zisanu kuti ndiziwerenge.

Madzulo oyamba tili panyanja anatikhazika pa thebulo limodzi ndi agogo ena awiri a ku Leeds, anthu ochezeka kwambiri, ndipo nkhani itafika pa Flåm agogo aakaziwo anati iwo matikiti anagula mu February, ndipo anatifunsa kuti ife tili pa sitima ya nthawi yanji. Ndinayankha kuti tikagula komweko. Agogo aamuna anaika foloko pansi n'kundiyang'ana mwachifundo. Mayi sanayankhule kanthu, anangopitiriza kudya, koma pa zaka 20 ndikudziwa kusiyana kwa kukhala chete kwawo, ndipo uku kunali kwa munthu amene wayamba kuopa.

M'mawa mwake ndinazemba n'kupita pa desiki ya maulendo apamtunda. Mtsikana wa pamenepo sanafunike ngakhale kuyang'ana pa kompyuta. "Sold out, sir." Anandiuza kuti pali waiting list, kuti nthawi zina anthu amadwala kapena kusintha maganizo, ndipo anali atagwira kale cholembera kuti alembe nambala ya chipinda chathu. Kumbuyo kwanga kunali mzere wa anthu, ena akumvetsera, ndipo manyazi oti ndioneke ngati wopemphetsa anandigwira pakhosi moti ndinamuuza kuti asavutike, ndili ndi plan ina. Plan ndinalibe. Mpaka lero ndikakumbukira cholembera chija chili m'mwamba kudikira kuti ndingotchula manambala anayi, mtima umandiwawa.

Usiku umenewo North Sea inawinduka. Mayi anamwa mapiritsi n'kugona, ine ndinakhala pansi pakona ya chipinda, nseru ili pakhosi, ndinagula intaneti ya m'sitima yomwe ndinali nditalumbira kuti sindigula, ndipo tsamba lililonse linkatseguka ngati likuchokera kutsidya la dziko, ndipo nditapeza malo ogulira matikiti a Flåmsbana, sitima ya ku Flåm ija, n'kuona kuti m'mawa muli mipando iwiri ndinanjenjemera ndi chimwemwe, ndinalemba manambala a khadi, banki inati yatumiza code pa meseji, koma foni yanga inali pa airplane mode chichokereni ku Southampton chifukwa choopa bilu ya roaming, ndipo ngakhale nditaitsegula pakati pa nyanja mesejiyo sinafike, ndinayesanso, ndinayesanso kachitatu, mpaka banki inatseka khadilo poganiza kuti laba munthu. Inali itadutsa 1 koloko usiku. Ndinawadzutsa mayi, munthu amene chaka chonse sagona usiku ndipo apa anali atapeza tulo, n'kuwapempha khadi lawo. Anandipatsa osafunsa. Malipiro anadutsa, tikiti inabwera, ndipo ndinagona ndikudziuza kuti ndakonza zonse popanda thandizo la munthu.

Sindinaiwerenge tikitiyo. Ndinaona mayina awiri, Flåm ndi Myrdal, ndinaona tsiku, ndinakhutira.

Kutacha tinatuluka pakhonde ndipo ndinasowa chonena. Sitima yaikulu ngati imeneyo inkayenda mwakachetechete pa madzi osalala ngati galasi, mapiri atayima chilili mbali zonse ziwiri, pafupi moti unkaona mtengo uliwonse, ndipo kuchokera pamwamba pomwe panali chipale chofewa timitsinje toyera tinkatsetsereka ngati ulusi. Amenewa ndi madzi a m'nyanja yamchere omwe analowa kumtunda m'chigwa chakuya, fjord m'chinenero chawo. Sognefjord, yaitali kuposa zonse ku Norway, imalowa makilomita oposa 200, ndipo ife tinali mu nthambi yake yotchedwa Aurlandsfjord, yomwe kumapeto kwake ndi Flåm. Mayi anavala chitenje chawo chatsopano pamwamba pa jekete, anadzola, ndipo anandigwira mkono potsika. Siteshoni ili pafupi ndi doko, kuyenda mphindi zochepa chabe, ndipo sitima yobiriwira ija inali itayima pomwepo, yeniyeni, yofanana ndendende ndi ya mufoni.

Mnyamata woona matikiti anayang'ana foni yanga, anayang'ananso, n'kunena mwaulemu kuti tikiti yathu ikuyambira ku Myrdal. Ine ndinati inde, Myrdal, ndi komwe tikupita. Anati ayi, ikuchokera ku Myrdal kubwera kuno, ulendo umodzi wokha, wotsika. Ndinayamba kumufotokozera, ine, munthu amene ndinafika m'dziko lake m'mawa womwewo, mmene matikiti amagwirira ntchito, mpaka iye anakulitsa zilembo ndi zala ziwiri n'kundionetsa kamuvi kakang'ono pakati pa mayina awiriwo. Kankaloza ku Flåm. Mipando iwiri ija inalipo chifukwa m'mawa anthu ambiri amafuna kukwera phiri, osati kutsika. Ndinamufunsa ngati tingapeze taxi yotifikitsa ku Myrdal kuti tikayambire kumeneko, ndipo anandiuza kuti Myrdal ili kumapeto kwa njanji, makilomita 20 kuchokera pomwe tinaima, pamwamba pa phiri mamita pafupifupi 867, ndipo msewu wa galimoto wopita kumeneko kulibe. Anthu a kumbuyo kwathu anayamba kutilambalala. Mayi anandikoka jekete n'kunena motsitsa mawu, "Tiyeni, bambo, tikutsekereza anthu."

Ndinafika pawindo lija ndinkalitama kwa miyezi inayi. Mzere wake unatuluka panja. Nditafika kutsogolo, mayi wogulitsa matikiti anafufuza nthawi yaitali n'kupeza mipando iwiri pa sitima ya cha m'ma 12 koloko, kupita ndi kubwerera, yomwe gulu lina linali litangobweza. Ndinalipira ndi khadi la mayi kachiwiri. Ndinayang'ana wotchi ya pamkono, inati 10 koloko itangodutsa, ndipo ndinati tili ndi nthawi yambiri, tiyeni tikaone nyumba yosungiramo mbiri ya njanjiyi, poti ili pomwepo ndipo kulowa ndi kwaulere.

M'nyumba imeneyo ndi momwe ndinayesa kubweza ulemu wanga, ndipo ndi momwe ndinautayiratu. Muli zithunzi za amuna ovala zipewa atagwira nyundo ndi zitsulo zobowolera miyala, muli zida zawo zenizenizo, muli ndi mutu wa sitima wakale. Njanjiyi anayamba kuimanga m'zaka za m'ma 1920, inatsegulidwa mu 1940, magetsi anaikamo mu 1944. Ili ndi mapanga 20 obowola m'phiri, ndipo 18 mwa amenewa anakumbidwa ndi manja. Ine bambo anga ankaphwanya miyala ya maziko ndi nyundo, ndikudziwa mmene chikhatho chimaonekera pakutha pa tsiku lotere, choncho zithunzizo zinandikhudza zedi, ndipo ndinayamba kuwawerengera mayi chikwangwani chilichonse mokweza n'kumamasulira m'Chichewa ngati iwo sadziwa Chingerezi, ndikumva kukoma kuti tsopano ndine wodziwa zinthu. Kawiri konse anandifunsa nthawi. Foni yawo inali yozimitsa m'chikwama chifukwa ine ndi amene ndinawauza kuti aizimitse. Kawiri konseko ndinayang'ana pamkono n'kuwauza kuti asade nkhawa. Panja ndinamva sitima ikunyamuka, ndipo ndinanena ndi pakamwa pangapa kuti imeneyo ndi ya anzathu, yathu ikubwera.

Titatuluka, wotchi yanga inkati 11 koloko yadutsa pang'ono. Wotchi ya pa siteshoni inkati 12 koloko yadutsa pang'ono. Ndinayima pakati pa ziwirizo, kuyang'ana iyi, kuyang'ana iyo, ndipo miyendo inazizira. Norway ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi England. M'sitima analengeza, ndipo analembanso pa kapepala ka tsiku ndi tsiku komwe amaika m'chipinda madzulo alionse, koma timapepala timeneto ine ndinkangotiunjika pa thebulo osatiwerenga, ndipo foni yomwe ikanadzikonza yokha ndinali nditaitsekera pa airplane mode. Tsiku lonse lapitalo ndinakhala m'nthawi yangayanga osadziwa.

Mayi anakhala pa benchi. Sanalire, sanandikalipire. Anavula chitenje chija, anachipinda bwinobwino n'kuchiika m'chikwama, ndipo anati, "Basi, bambo, taiona ndi maso. Tiyeni tingoyenda m'mudzimu." Akanandilalatira bwenzi zili bwino. Kupinda chitenje kuja sindidzakuiwala.

Ndinabwerera pawindo kachiwiri, kwa mayi yemwe uja, ndipo nkhope yanga anaizindikira ndisanatsegule pakamwa. Ndinamuuza zoona zokhazokha, koyamba pa tsikulo. Anapeza mipando pa sitima ya cha m'ma 2 koloko, koma anati yobwerera nthawi yomweyo ndi yodzaza, malo alipo pa yotsatira, yonyamuka ku Myrdal cha m'ma 4 koloko. Kenako anandifunsa funso loyenera: kodi ndinu a m'sitima yapamadzi, ndipo mukuyenera kukhala mutalowa nthawi yanji? Pa khomo lotsikira panali chikwangwani chachikulu cholemba nthawi imeneyo, ndinachidutsa m'mawa maso ali pa sitima yobiriwira, koma m'malo monena kuti sindikudziwa ndinati tili bwino, no problem. Safunsa anadya phula, ine ndinachita kufunsidwa n'kudyabe. Ndinalipira kachitatu, ndipo ndalama zonse pamodzi zinali zitapitirira kale mtengo uja ndinaukana mu February.

Tinakwera. Mayi anakhala pawindo, anatulutsanso chitenje n'kufunda m'mapewa, ndipo kwa kanthawi ndinaganiza kuti mavuto atha. Sitima inadutsa minda ndi tchalitchi chakale chamatabwa, mtsinje wobiriwira ukuthamanga m'mbali, kenako inayamba kukwera. Mbali yaikulu ya njanjiyi imakwera mita imodzi pa mamita 18 alionse, ndipo umamva ndi msana kuti ukukwezedwa. Tinkalowa mumdima wa phanga, kutuluka m'kuwala, nyumba zija tinazidutsa zili pansi patali ngati mabokosi a machesi. Pa Berekvam, pomwe njanji imagawika pawiri kuti sitima yokwera ndi yotsika zipatukirane, tinayima pang'ono, ndipo mayi, maso ali panja, anafunsa, "Kodi sitima yathu ija inyamuka nthawi yanji?"

Ndinati 4 koloko, tikhala ndi nthawi yomwa tiyi pamwambapo.

"Ayi, ndikunena yapamadzi. Pachikwangwani paja analemba all aboard hafu pasiti folo."

Kutsika phirilo ndi pafupifupi ola limodzi. Sipanafunike pensulo. Ndinakumbukira zomwe agogo a ku Leeds ananena pa thebulo, zomwe ndinazimva n'kuzitaya: kuti ukapita ndi ulendo wokonzedwa ndi sitima yapamadzi n'kuchedwa, imakudikira, koma ukapita pawekha n'kuchedwa, umaipeza itapita. Mapasipoti athu anali mu sefa m'chipinda. Mankhwala a mayi a BP anali momwemo. Khadi langa linali lotsekedwa. Nambala ya foni ya wothandiza pa doko inali pa kapepala kaja ndinakasiya pa thebulo.

Kuchokera pamenepo sindinaonenso kanthu. Ndinatsegula roaming yomwe ndinaiopa masiku atatu, ndinayamba kufufuza taxi kumalo komwe ndinauzidwa kale kuti kulibe msewu, ndinafufuza kuti kutsika wapansi kungatenge maola angati, ndinapeza kuti pali kanjira ka anthu omanga njanji kokhotakhota maulendo 21 komwe anthu amatsika pa njinga, ndinayamba kuwerengera ngati mayi angathe kupalasa, netiweki inkaduka pa phanga lililonse n'kubwerera, thukuta likutsika m'khosi ngakhale kunja kunkazizira. Sitima inayima pa mathithi a Kjosfossen, pomwe imapatsa anthu mphindi zisanu kuti atsike akaone. Aliyense anatsika. Inenso ndinatsika chifukwa mayi anandikoka, ndipo ndikukumbukira phokoso lalikulu ndi madontho ozizira akugwera pa galasi la foni, ndikuwapukuta ndi chala kuti ndione mapu.

Ku Myrdal kunali mphepo yobaya, chipale chofewa chili m'mbali mwa mapiri mu June. Pa siteshoni imeneyi ndi pomwe njanji ya ku Flåm imakumana ndi yaikulu ya pakati pa Oslo ndi Bergen, ndipo anthu a zikwama zikuluzikulu ankathamangira mbali zonse. Ndinamupeza kondakitala, bambo wamtali wa imvi, ndipo Chingerezi changa chomwe ndimagwirira ntchito tsiku ndi tsiku chinabalalika, ndinangoti sorry, sorry, ship, half past four, my wife, ndikumuonetsa matikiti onse atatu ngati kuchuluka kwake kungathandize. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anati tiime pambali mpaka onse a matikiti oyenera atalowa m'sitima yobwerera nthawi yomweyo, ndipo ngati patsale malo atiuza. Mphindi zimenezo ndinawerenga mutu uliwonse wolowa pakhomo. Mayi anayima pambali panga, akuyang'ana mapiri, dzanja lawo lili m'thumba la jekete langa. Pomaliza bamboyo anatikodola. Anthu ena anali atatsalira kuti atsike pa njinga.

Tinafika ku Flåm kutatsala mphindi khumi, ndipo tinathamanga, mayi wa zaka zoposa 50 amene maondo amamuvuta akuthamanga pa doko chitenje chili m'manja chifukwa cha ine, anthu ali m'makonde a sitima m'mwambamo kutiyang'ana, ogwira ntchito atayamba kale kuchotsa matenti a pakhomo. Kamakina ka pakhomo kanalira pa makhadi athu a m'sitima. Pambuyo pathu panalowa anthu awiri okha.

Madzulo sitinapite kukadya ndi agogo aja, ndinalibe nkhope yokawaonetsa. Tinakhala pakhonde la chipinda chathu, dzuwa la ku Norway likukana kulowa, sitima ikubwerera m'mapiri momwe inadzera. Ndinawapepesa mayi, osati mwachidule, koma chimodzichimodzi kuyambira February, ndipo anandilola kuti ndimalize. Kenako anatulutsa foni yawo, yomwe anaiyatsa okha osandifunsa, n'kuyamba kundionetsa zithunzi. Chigwa chonse chinalimo. Pa chithunzi china panali mathithi aja, madzi oyera akugwa kuchokera pamwamba ngati phiri lang'ambika, ndipo pa thanthwe chapatali mkazi wovala diresi yofiira, manja ali m'mwamba. Anati ameneyo amavina m'chilimwe sitima ikayima, kuyerekezera huldra, mkazi wa m'nkhalango wa m'nthano za ku Norway, ndipo anati panali nyimbo yomwe inkamveka pamwamba pa mkokomo wa madziwo. Kutsogolo kwa chithunzicho, chakumanzere, kunali ine, msana utaloza mathithi, mutu uli pansi pa foni.

"Nyimbo ija munaimva, bambo?"

Ndinati ayi.

Anasendeza mpando wawo pafupi ndi wanga, anabwezera zithunzi kumayambiriro, pa tchalitchi chamatabwa chija, n'kuyamba kundifotokozera ulendo wonse kuchokera pansi.